Joriwon kapena kwa amayi, mzimayi akachira ku South Korea

Ku South Korea mzimayi akachira ambiri masiku ano amapita ku joriwon, ili ngati hotela ya amayi ongobereka kumene, amakhalako pafupifupi masabata awiri, manesi akusamala khanda usiku iwe uli mtulo, supu ya miyeokguk ya ndere za m'nyanja pafupipafupi, koma mtengo wake eee mamiliyoni a won, ndalama ya kumeneko, ndipo achibale salowa chisawawa. Njira inayo ndi yakale, chikuta cha masiku 21 chomwe amati samchilil, kunyumba. Ukakhala kwa mayi ako bola, ndalama sizituluka zambiri. Koma akakhala apongozi, malangizo osatha, mwana usamunyamule choncho, usasambe madzi ozizira, bambo wamwana ali phee. Ine joriwon, chifukwa cha tulo basi.