Zanzibar kapena Cape Town, gulu lathu lipite kuti?

Ife a chilimba kuno ku Chipata takhala tikukangana za ulendo wa chaka chamawa, ena akuti Cape Town ena Zanzibar. Ine ndili mbali ya Zanzibar ndipo sindibisa.

Cape Town nkokongola ndithu, kuli Table Mountain, Robben Island komwe Mandela anakhala zaka 18 mundende, komanso Zeitz MOCAA, nyumba ya zojambula za mu Africa yomwe inatsegulidwa mu 2017. Koma ndege kuchoka ku Lusaka kwa anthu khumi ndi ndalama zambiri abale, ndiye malo aja ndi otalikirana, tsiku lililonse kulipira galimoto.

Popita ku Zanzibar mutha kukwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi mpaka Dar es Salaam kenako boti, ulendo ngwautali inde koma pagulu mumacheza. Mukafika ku Stone Town mumangoyenda wapansi, zitseko zamatabwa zosemedwa mwaluso zija, zithunzi za Tingatinga m'mashopu, madzulo ku Forodhani, kumsika wa zakudya m'mbali mwa nyanja, nsomba zootcha, msuzi wawo wotchedwa urojo, madzi a nzimbe ofinya pomwepo mukuona. Amayi ena akudandaula kuti adzasowa nsima, ndawauza kuti ugali ndi nsima yomweyo basi.