Ndemanga pa rauta ya TP-Link Archer C6: kufikira kompyuta ya kunyumba muli kutali

Ndinagula rauta imeneyi (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba) chifukwa ndinkafuna kumatsegula mafayilo a pa kompyuta yanga ya kunyumba ndikakhala pa ulendo, ndipo pa ntchitoyi yandikhutiritsa. Ili ndi mapoti anayi a gigabit olumikizira zipangizo ndi waya ndipo imaulutsa Wi-Fi pa 2.4 GHz ndi 5 GHz, koma chimene ndinaikondera kwambiri ndi tsamba lake lokonzera zinthu, lomwe limatseguka mukalemba tplinkwifi.net kapena 192.168.0.1 mu pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti.

Musanatsegule poti iliyonse (pano poti ndi khomo la nambala lolowera pa kompyuta kuchokera pa intaneti), yambani mwasungira kompyutayo adiresi ya pa netiweki (IP) yosasintha kudzera pa gawo la tsambalo lotchedwa Address Reservation, chifukwa adiresi ikasintha rauta ikazimitsidwa, lamulo lotsegulira poti lomwe munalemba limaloza pomwe palibe kanthu. Mukatero pitani pa gawo la NAT Forwarding n'kulembapo poti 3389 ya Remote Desktop (pulogalamu ya Windows yogwiritsira ntchito kompyuta muli kutali) kapena 22 ya SSH (njira yolowera pa kompyuta polemba malamulo). Dziwaninso kuti Windows Home siilola kulowedwa kudzera pa Remote Desktop. Pamafunika Windows Pro.

Vuto lomwe linandidyera masiku awiri silinali la rautayi ayi. Kampani yomwe inkandipatsa intaneti inkagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo zikatero ngakhale mutakonza zonse molondola, palibe angakufikireni kuchokera kunja. Ngati adiresi ya WAN (yomwe rauta imalandira kuchokera ku kampaniyo) ikuyamba ndi manambala a pakati pa 100.64 ndi 100.127, pemphani kampaniyo adiresi yanuyanu.

Sindikulangiza kusiya poti 3389 yotsegukira dziko lonse, pakuti akuba a pa intaneti amaisakasaka usana ndi usiku. Ine ndinaitseka n'kuyatsa seva ya OpenVPN (njira yobisika yolowera pa netiweki ya kunyumba) yomwe ili m'rautamu, pamodzi ndi DDNS ya kampani ya No-IP (dzina losasintha lopezera rauta ngakhale adiresi yake itasintha), ndipo tsopano ndimalowa mtima uli m'malo.