Womasulira wa ku Valencia amene anayamba wapempha seketi

Ngati muli ndi buku la malangizo a zida zamagetsi loti lilowe m'Chisipanishi, mayi amene tinawapatsa ntchito ife ndi oyenera ndalama zanu, ngakhale kuti ndi odula komanso sathamanga. Amagwirira ntchito kunyumba kwawo ku Valencia, amalipiritsa powerenga mawu, ndipo asanayambe zomasulira ankakonza makina a m'mafakitale. Dzina lawo sindilemba pano poti sindinawapemphe chilolezo.

Kampani yathu yaing'ono ku Johannesburg imapanga mabolodi oyendetsa mapampu a madzi. Kasitomala wa ku Antofagasta, dera la migodi ya kopa kumpoto kwa Chile, anafuna buku lathu m'chiyankhulo cha amisiri ake. Masamba ambiri ndi osavuta: mangani apa, musakhudze apo. Pamene pamagona nkhani ndi pa miyendo ya chipu (tizitsulo tolumikizira chipu ku bolodi) ija Angerezi amati active-low.

Pa seketi ya dijito mwendo umakhala pa 1 (volteji yokwera) kapena pa 0 (volteji yotsika), ndipo munthu wosazolowera amangoti 1 ndiye kuyatsa. Koma miyendo yambiri imagwira ntchito yake ikagwetsedwa pa 0. Tengani chipu ya ATmega328P ya miyendo 28 imene ili pa bolodi ya Arduino Uno: mwendo 1 ndi RESET, rezisita ya 10k imaukoka kuti uzikhala pa 5 V, ndipo chipu imayambiranso mwendowo ukagwa pansi. Mwendo 4 wa chipu ya 555 ndi chimodzimodzi, mwendo 13 wa chipu ya 74HC595 nawonso. Chizolowezichi chinakhazikika kale, nthawi ya machipu akale otchedwa TTL. Chipu ya TTL ya 7400 inkatha kumeza magetsi okwana 16 mA ikakhala pansi koma inkangotulutsa 0.4 mA ikakhala pamwamba, choncho ntchito yolemera ankaiika pa 0. Phindu lina n'loti zida zingapo zimatha kugawana waya mmodzi. Pa bolodi yathu masensa onse amalumikizana pa waya wa FAULT, ndipo aliyense akaona vuto amaukokera pansi, ngati chingwe cha belu chimene aliyense angathe kukoka.

Mmisiri akawerenga zimenezi mozondoka, pampu imayenda pamene imayenera kuima. N'chifukwa chake tinasiya zimene makina omasulira anatipatsa poyamba. Pa active-low pena analemba bajo activo, pena baja activa, ndipo chiganizo chakuti "assert RESET", chotanthauza kuchititsa RESET kugwira ntchito yake, chinasanduka afirmar RESET, ngati kuti mwendowo ukuvomereza mlandu.

Mayiwa sanayambe ndi mawu. Kalata yawo yoyamba inali yopempha chojambula cha seketi, kenako panabwera mafunso. Limodzi linandigwira mtima: kodi FAULT imayankha nthawi yonse imene wayayo ali pansi, kapena pa mphindi yokhayo imene akutsika? Loyambalo ndi activo a nivel bajo, lachiwirilo ndi flanco de bajada, ndipo pulogalamu ya chipu imalembedwa mosiyana pa ziwirizi. Ndinawayankha kuti, "Amayi, funso limeneli ngakhale ena ovala ovololo m'wekishopu muno salifunsa." Iwo anangoti mmisiri ali pa shifiti ya usiku alibe woti amufunse.

M'buku lonse anagwiritsa ntchito activo a nivel bajo, ndipo anasamala kuti mawuwo agwirizane ndi dzina limene akulifotokoza, poti Chisipanishi chimasiyanitsa mayina aamuna ndi aakazi: la señal activa, koma el terminal activo. Pa "assert" analemba activar, n'kuwonjezera komwe volteji ikupita: activar RESET llevándolo a nivel bajo. Apa ndi pamene omasulira osadziwa zamagetsi amagwa chagada, chifukwa amaganiza kuti kuyatsa n'kukweza, ndiye amalemba poner a nivel alto. Galamala yake imakhala yosalala bwinobwino, koma bolodi siidzayambiranso.

Kapitawo wa kasitomala wathu anapempha kuti tizilemba lógica negativa, akuti ndi mmene anaphunzirira. Mayiwa anakana mwaulemu, ndipo ine ndili kumbali yawo. Mawu amenewo amanena za pangano loti volteji yotsika iziwerengedwa ngati 1 pa seketi kapena pa gulu lonse la mawaya onyamula deta. Ife tikunena za mwendo umodzi umene ntchito yake imachitika pa 0, pamene ina yoyandikana nayo ikugwira pa 1. Pa chipu ya 74HC138 pali miyendo itatu yotsegulira chipu, iwiri imafuna 0, umodzi umafuna 1. Mungaitchule chiyani chipu imeneyo ndi dzina limodzi?

Ntchito ina imene sinali pa mgwirizano koma anaichita ndi ya kamzere. Opanga zida amasonyeza miyendo yotereyi mosiyanasiyana: ena amaika kamzere pamwamba pa dzina, ena amalemba /RESET, ena nRESET, ena RESET#, ena RST_N. Buku lathu linali ndi zonsezi chifukwa linkatsata mapepala a opanga chida chilichonse. Kamzere ka pamwamba n'kosachedwa kusowa fayilo ikamachoka mu pulogalamu ina kupita mu ina, ndipo kakasowa, dzina limaoneka labwinobwino koma likunena zosiyana. Iwo anayendera dzina lililonse akuyerekeza ndi seketi, anabwezeretsa timizere tosowa, kenako anaika tebulo kumayambiriro losonyeza kuti zizindikiro zonsezo tanthauzo lake ndi limodzi. Mayina a miyendo sanawamasulire. RESET inakhalabe RESET, poti ndi zimene zasindikizidwa pa bolodi.

Zodandaula zilipo. Chisipanishi chawo ndi cha ku Spain kwenikweni. Mwendo ankautcha patilla, kompyuta ordenador, flip-flop (kaseketi kosunga 1 kapena 0) biestable. A ku Chile anamva, koma anatiuza kuti iwo amati pin, computador, ndipo flip-flop amangoisiya choncho. Anatinso pakamwa pawo activo en bajo ndi limene limabwera msanga. Mayiwa anasintha mayina atatu aja koma anasunga a nivel bajo, akuti liwu loti nivel likuthandiza kusiyanitsa ndi flanco. Pamenepo ndinawagonjera. Chimene sichinandisangalatse n'choti kusinthako anatilipiritsa padera, chonsecho kalata yathu yoyamba inanena kuti bukulo likupita ku Chile.

Cholakwa chenicheni chinali pa manambala. Ku Spain ndi ku Chile amalemba 3,3 V pamene ife timalemba 3.3 V, ndipo anasintha moyenera m'ziganizo zonse. Koma anasinthanso m'chitsanzo cha malamulo amene mmisiri amayenera kutayipa mu kompyuta, pamene pulogalamu yathu imalandira kadontho kokha. Mnzathu woyesa mabolodi ndiye anaona zimenezi tisanatumize. Titawauza anakonza msanga osalipiritsa, ndipo anayenderanso zitsanzo zina zonse.

Kwa amene ali ndi kapepala kotsatsa malonda, mayiwa ndi odula mosafunikira, pezani wina. Kwa amene ali ndi buku limene munthu adzaligwira ku dzanja limodzi, kwinako atagwira multimeter yoyezera magetsi, atumizireni fayilo yosinthika osati PDF, muikeponso seketi, ndipo dziko limene bukulo likupita mulilembe pa mgwirizano weniweniwo. Amalandira ma euro okha, ndipo mwezi wa Ogasiti, monga anthu ambiri ku Spain, amakhala ali pa tchuthi.