Rauta ya 4G ya pakhomo: ndemanga yanga patatha miyezi isanu

Ndaipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndadikira miyezi isanu ndisanalembe, ndipo ndachita bwino kudikira, chifukwa ndikanalemba sabata yachitatu ndikanaipatsa imodzi, ndikanailakwira.

Ndimakhala ku Chinamwali, ku Zomba, ndipo ndimasoka zovala pakhomo. Rauta yake ndi ija yoyera, yoima ngati buku, yolowetsa simukhadi kumbuyo, yokhala ndi timagetsi kutsogolo toonetsa mphamvu ya netiweki. Ndinaigula chifukwa cha mwana wanga wamkazi amene ali Fomu 4. Achimwene anga amene ali ku America anamutumizira tabuleti yomwe ana awo anasiya kugwiritsa ntchito, kuti aziwerengerapo mabuku ndi kuonera maphunziro a masamu pokonzekera mayeso a MSCE. Tabuletiyo ilibe polowetsa simukhadi, imadalira Wi-Fi basi. Poyamba tinkayatsa hotspot pafoni yanga, koma foni inkatentha, batire linkatha msanga, ndipo ndikapita kumsika kukagula nsalu mwana ankatsala alibe intaneti.

Kuyiyambitsa sikunavute. Tinalowetsa simukhadi, tinalumikiza ku magetsi, tinawerenga dzina la netiweki ndi pasiwedi pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Foni yanga inalowa, ya bambo a kunyumba inalowa, tabuleti nayonso inalowa. Masiku anayi oyambawo zonse zinali bwino.

Tsiku lachisanu mwana anabwera kumakina kumene ndinkasoka, nkuti, "Amayi, Wi-Fi yathu sikuoneka." Ndinayang'ana foni yanga, inali yolumikizika, mauthenga a WhatsApp akulowa. Pa tabuleti dzina la netiweki yathu panalibe. Sikuti inkakana pasiwedi ayi. Dzinalo linangosowa pa mndandanda, pomwe la aneba linkaoneka bwinobwino. Tinazimitsa tabuleti nkuyatsanso, palibe. Mawa lake dzina linabwerera lokha. Patapita masiku awiri linasowanso. Zinapitirira choncho pafupifupi milungu itatu: lero ilipo, mawa palibe, popanda amene waikhudza.

Chomwe chinkandipweteka mtima ndi nthawi yake. Mwanayu amaweruka madzulo, athandize ntchito zapakhomo, nthawi yowerenga imakhala kuyambira 7 koloko usiku. Afike pa tebulo ndi makope ake, tabuleti nkukana. Ankangotenga foni yanga, koma zojambula za Biology ndi masamu a magirafu pa kagalasi kakang'ono ka foni zimatopetsa maso.

Ndinabwerera nayo rauta kusitolo komwe ndinaigula. Wogulitsa anailumikiza, anayesa ndi foni yake, inalowa. Anayesa ndi foni ya mnzake, inalowa. Anandiuza mwaulemu kuti katundu wake alibe vuto, tabuleti ndiyo yafa mbali ya Wi-Fi, ndipite nayo kwa okonza mafoni. Sindinganene kuti anandinamiza, chifukwa pa zomwe anaona ndi maso ake rauta inkagwira ntchito. Koma sanandifunse funso lililonse, ndipo tabuleti yomwe ndinabwera nayo m'chikwama sanaipemphe nkomwe. Ndinabwerera kunyumba ndikuwerengera m'mutu ndalama zokakonzetsera chinthu chomwe, kwa aneba, chinkalowa pa Wi-Fi popanda vuto.

Amene anatithandiza ndi mnyamata wa kwa anebawo, amene akuphunzira za makompyuta ku Chanco. Anabwera Loweruka lina m'mawa, tsiku lomwe dzina la netiweki linali litasowa. Asanagwire chilichonse anafunsa kuti, "Amayi, tabuletiyi inagulidwa kuti?" Ndinati ku America. Anafunsanso, "Nanga magetsi anazimapo dzulo kapena usiku?" Ndinati eya, anabwera cha m'bandakucha. Pomwepo anagwedeza mutu nkupempha foni yanga.

Zomwe anafotokoza ndizilemba mwatsatanetsatane, chifukwa ndikukhulupirira kuti pali mabanja ambiri omwe analandira foni kapena tabuleti kuchokera kwa abale akunja ndipo akuvutika chimodzimodzi. Wi-Fi ya 2.4 GHz, yomwe zipangizo zakale ndi zotchipa zimagwiritsa ntchito, ili ndi timinjira tomwe amatitcha matchanelo. M'maiko ambiri matchanelo ake ndi 1 mpaka 13. Ku America amagwiritsa ntchito 1 mpaka 11, ndiye zipangizo zambiri zogulitsidwa kumeneko siziyang'ana nkomwe pa 12 ndi 13. Rauta yathu inabwera tchanelo chake chili pa "Auto", kutanthauza kuti ikayaka imadzisankhira yokha njira yomwe yaona kuti ilibe phokoso. Kwathu kuno magetsi amazima kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse akabwera rauta imayaka mwatsopano nkusankhanso. Ikasankha 6, tabuleti imaiona. Ikasankha 13, mafoni athu ogulidwa konkuno amaiona, koma tabuleti ya ku America imakhala ngati yatsekedwa m'maso. Ndiye chifukwa chake vutoli linkabwera ndi kuchoka ngati malungo.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi khumi. Pafoni yolumikizika ku rautayo anatsegula Chrome nkulemba manambala olembedwa pa kapepala ka kunsi kaja. Pa yathu ndi 192.168.0.1, koma anati ena amakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, muziwerenga pa yanu. Panatseguka tsamba lofuna dzina ndi pasiwedi ya mwini wake, zomwe zilinso pa kapepala komweko. Dziwani kuti pasiwedi imeneyi ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi. Analowa pa mbali ya Wi-Fi, anapeza mawu oti "Channel", ndipo analidi pa 13. Anachotsa "Auto" nkuika 6. Rauta inazima kamphindi, inayakanso, ndipo dzina lathu linatulukira pa tabuleti mwana akuyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo silinasowenso, ngakhale magetsi azime katatu pa tsiku.

Ndinamufunsa chifukwa chake 6 osati 5 kapena 9. Anati matchanelo amenewa ndi oyandikana kwambiri moti amalowererana, koma 1, 6 ndi 11 sapondana. Anayang'ana pafoni yake kuti rauta ya kwawo ili pa 11, ndiye yathu anaiika pa 6 kuti tisamasokonezane kudutsa mpanda.

Ali pomwepo anaonanso malo omwe tinaiika. Ine ndinaibisa kuseri kwa wailesi yakanema, pansi pa kabati, kuopa fumbi la nsalu ndi ana obwera kudzacheza. Anati pamenepo ndi pobanika kawiri: rauta iyenera kumva nsanja ya netiweki yomwe ili kunja, iyeneranso kufikitsa Wi-Fi m'zipinda. Nyumba yathu ndi ya njerwa zootcha, denga la malata. Chitsulo chimatchinga mafunde, khoma lililonse limawachepetsa mphamvu. Tinayenda nayo nyumba yonse ndi chingwe chowonjezera, tikuyang'ana timagetsi. Pa zenera la pabalaza loyang'ana kumsewu timagetsi tonse tinayaka, pomwe kuseri kwa kabati kunkayaka kamodzi kapena tiwiri. Bambo a kunyumba anakhomera kathabwa pamwamba pafupi ndi zenera limenelo, ndipo ili pompo mpaka lero. Mavidiyo omwe ankaimaima tsopano amayenda. Ndalama sitinawonjezere, bandulo ndi yomweyo, tinangosuntha malo.

Rautayi imatulutsa maina awiri a netiweki, lina lothera ndi 5G. Apa ndinali nditasokonezeka kwa nthawi yaitali, ndinkaganiza kuti ndi 5G ya mafoni ija. Ayi, ndi Wi-Fi ya 5 GHz. Imathamanga kwambiri ukakhala pafupi koma siidutsa makoma bwino. Pabalaza foni yanga ndimaiika pa imeneyo, ndikalowa kuchipinda chosokera imafooka ndipo ndimabwerera pa ya 2.4. Tabuleti ya mwana dzina lachiwirili siliona, chifukwa ndi yakale. Ngati inunso chipangizo chanu chikuona dzina limodzi lokha, musade nkhawa, sichinawonongeke.

Pali mavuto ena awiri omwe tinakumana nawo pambuyo pake, ndipo onse sanali a rauta.

Loyamba linatidyera ndalama. Bandulo yomwe ndinkayembekeza kuti itifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha masiku khumi. Ndinayamba kukayikira kuti wina waba pasiwedi. Pa tsamba lija la 192.168.0.1 pali mndandanda wa zipangizo zonse zolumikizika, ndipo zinali zathu zokhazokha. Nkhani yake ndi yakuti foni kapena tabuleti ikalowa pa Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yopanda malire, monga zimakhalira m'nyumba zambiri kumaiko akunja, ndiye imayamba kukopera zatsopano za mapulogalamu onse ndi kutumiza zithunzi zonse kukasungidwa pa intaneti. Yathuyi ndi Wi-Fi inde, koma kumbuyo kwake kuli simukhadi ndi bandulo yogula ndi thukuta. Pa Android mukhoza kulowa mu Settings, pa dzina la netiweki yanu, nkusankha kuti ikhale "metered". Mukatero chipangizo chimasamala data ngati chili pa simukhadi. Tinaletsanso mapulogalamu kudzikonzanso okha, ndipo mwana akafuna vidiyo ya phunziro amaionera pa 360p, mlingo wotsika wa kaonekedwe ka vidiyo womwe sudya data yambiri. Zolemba za pa bolodi zimaoneka ndithu. Izi wogulitsa aliyense akanamauza makasitomala ake kuno kwathu, chifukwa ndi pamene pamapita ndalama za anthu.

Lachiwiri linabwera tabuleti itathera batire nkukhala masiku angapo osaichaja. Itayaka inalowa pa Wi-Fi, koma masamba onse ankakana, akuti kulumikizana si kotetezeka. Mwana ndi amene anazindikira kuti tsiku la pa tabuleti labwerera zaka zingapo m'mbuyo. Masamba a intaneti ali ndi ziphaso zokhala ndi masiku oyambira ndi othera, ndiye wotchi ikasokonekera chipangizo chimaona ngati ziphasozo ndi zabodza. Anakonza tsiku ndi nthawi, zonse zinatseguka. Ndinasangalala kuona kuti wayamba kufufuza yekha osathamangira kuitana munthu.

Tsopano tili ndi ndondomeko yathu ikavuta. Timayamba taona ngati foni ina ikulowa. Ngati zonse zikulemba kuti "Connected, no internet", nthawi zambiri ndi bandulo yatha kapena netiweki ya kunja yagwa, ndipo kulimbana ndi tabuleti nkutaya nthawi. Ngati ndi chipangizo chimodzi chokha, timasankha "Forget" pa dzina la netiweki nkulembanso pasiwedi mosamala, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zosiyana, ndipo 0 ndi O zimafanana pa kapepala kaja. Kabowo kakang'ono ka kumbuyo kolembedwa "Reset" ndinaletsa aliyense kukagwira. Mukakabaya ndi singano kwa masekondi angapo, rauta imafufuta zonse, tchanelo chimabwerera pa "Auto", ndipo vuto lathu lija likhoza kuyambiranso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Kabuku komwe kanali m'bokosi ndi ka masamba ochepa, zilembo zing'onozing'ono, ndipo kamangonena za kulowetsa simukhadi ndi kuyatsa. Za tchanelo mulibe, za malo oyenera kuiika mulibe. Munthu ngati ine, wopanda mwana wa aneba wodziwa, akanataya tabuleti yabwinobwino kapena kulipira okonza kuti atsegule chinthu chosawonongeka. Chachiwiri, ilibe batire. Magetsi akazima, intaneti yazimanso, ngakhale nsanja ya netiweki ikugwira ntchito ndipo tabuleti ndi yodzaza moto. Kwa mwana wowerenga usiku ichi ndi chilema chachikulu. Chaja chake chalembedwa 12V, ndiye tinagula kabatire kapadera kamene amakatcha mini UPS, kamakhala pakati pa soketi ndi rauta. Kathu kamatisunga maola angapo. Musanagule kanu werengani pa chaja cha rauta yanu kuti mphamvu zifanane, ndipo tengani chajacho kusitolo mukayerekeze kamutu kolowetsa, chifukwa timitu timeneti timasiyana kukula. Mtengo wa kabatireka muuwerengere limodzi ndi wa rauta kuyambira pachiyambi.

Kupatula zimenezo, ndilibe dandaulo. Imakhala yoyaka usana ndi usiku, siitentha mopitirira, ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Zipangizo zinayi zimalowa nthawi imodzi popanda kukanganirana. Ine ndimatumizira makasitomala zithunzi za masitayilo ndili pamakina, bambo amamvera nkhani, ndipo Lamlungu madzulo timalankhula ndi achimwene pa vidiyo nkhope zikuoneka bwino, malinga mvula isakhale ikugwa mwamphamvu.

Nditawauza achimwene za tchanelo 13 anadabwa, anati kwawoko tabuletiyo sinavutepo ngakhale tsiku limodzi. Apeza inanso yoti atumize kwa mwana wa achemwali ku Balaka, ndipo ndawauza kale achemwaliwo kuti akadzagula rauta yawo andiimbire foni asanayatse, ndidzawatsogolere poika 6.