Lyme Regis kapena Kimmeridge Bay: kokaonera kugumuka kwa gombe ndi zamoyo za m'zithaphwi

Malo awiriwa ali ku Dorset, kum'mwera kwa England, pa gombe la Jurassic Coast limene bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2001.

Pa nkhani ya kugumuka kwa nthaka, Lyme Regis ndiye patsogolo. Chitunda cha Black Ven, chimene chili pafupi ndi tauniyi, n'chadongo lofewa, ndipo mvula ikalowerera dongolo limatsetsereka mpaka kunyanja, mafunde n'kulitsuka, n'kusiya poyera zigoba za zamoyo zakalekale zimene zinasanduka miyala, zina zopindika ngati nkhata. Kuno n'kumene Mary Anning, wobadwa mu 1799, ankafukula mafupa a zilombo za m'nyanja. Ku Kimmeridge gombe limadyeka mwakachetechete, timiyala tikumayoyoka pang'onopang'ono, ndipo kugogoda thanthwe ndi hamala n'koletsedwa.

Pa zamoyo, mtima wanga uli ku Kimmeridge. Matanthwe ake ndi afulati, otambalala kulowa m'nyanja, ndipo madzi a m'nyanja akaphwa, monga amachitira tsiku lililonse, mumatsala zithaphwi zoyera mbee. Mukagwada n'kudekha, mumaona nkhanu ikusuzumira pansi pa ndere ndiponso tinkhono tokakamira pamwala. Mwala umene mwatembenuza muubwezeretse mmene unalili, chifukwa pansi pakepo ndi pakhomo pa tizamoyo tambiri.

Popita ku Lyme Regis mumatsika sitima m'tauni ya Axminster n'kukwera basi, ndipo pagombe salipiritsa. Ku Kimmeridge kumafunika galimoto, komanso msewu wotsikira kugombe ndi wolipira.

Amene alibe galimoto, kapena akufuna kuona nthaka ikusuntha, apite ku Lyme Regis, koma asayandikire tsinde la chitunda. Banja la ana okonda kusuzumira m'madzi likasangalala ku Kimmeridge, bola lifike madzi akuphwa.