Nkhata ya Adiventi yogula kale: mkombero ndi wabwino, koma makandulo ndi operewera

Seti yomwe imapezeka kwambiri m'masitolo ogulitsa zinthu za tchalitchi nyengo ya Adiventi (masabata okonzekera Khirisimasi) ikamayandikira imakhala ndi mkombero wachitsulo wa timakapu tinayi, masamba apulasitiki okulungira, kabuku ka mapemphero ndi makandulo anayi oonda, otalika pafupifupi masentimita 25. Atatu ndi a pepo, imodzi ndi ya pinki, yoyatsa pa Lamulungu lachitatu lotchedwa Gaudete, kutanthauza kuti "Kondwerani".

Mkomberowo ulibe mlandu. Ndi wolemera bwino, sugwedezeka mwana akagunda tebulo. Kamwa ya kakapu imakhala pafupifupi mamilimita 22, choncho kandulo yoonda kuposa pamenepo imapendekeka. Dontheza phula pang'ono pansi pa kakapu, imika kandulo phulalo lisanaume, basi yakhazikika. Osakulunga tsinde ndi pepala, moto ukafika pansi pepalalo limagwira.

Vuto lenileni ndi masamu. Kandulo yoonda imatha masentimita pafupifupi 2.5 pa ola, ndipo masentimita 5 omalizira sayenera kuyaka chifukwa lawi limakhala litayandikira masamba. Ndiye kuti kandulo iliyonse ili ndi maola asanu ndi atatu okha. Adiventi imayamba pakati pa 27 November ndi 3 December ndipo imatenga masiku 22 mpaka 28. Chaka chimene Khirisimasi yagwa Lamulungu, monga 2022, masiku amakwana 28. Popeza sabata lililonse amaonjezera kandulo imodzi pa zoyatsa, yoyamba imayaka masiku onsewa, choncho banja lopemphera mphindi 20 madzulo alionse lifunika maola oposa asanu ndi anayi pa kandulo yoyamba yokha. Imatha sabata lomaliza lisanathe, pomwe yachinayi idakali chilili. Mu 2023 yachinayi inangoyaka tsiku limodzi, chifukwa Lamulungu lachinayi linali pa 24 December. Wopanga setiyi anaganizira anthu oyatsa Lamulungu lokhalokha.

Ena amasinthanitsa makandulo a pepo kuti azitha mofanana. Zimathandiza, koma zimachotsa chinthu chokongola: makandulo akamaoneka ngati makwerero, ina yafupika, ina idakali yaitali, ngakhale mwana amaona ndi maso kuti kudikira kwafika pati. Ndi bwino kungogula kandulo ina ya pepo yapadera. Paja Johann Hinrich Wichern, amene anayambitsa nkhatayi ku Hamburg mu 1839, anaika kandulo ya tsiku lililonse pa gudumu la ngolo kuti ana omwe ankawasamalira aziwerenga okha masiku.

Musanagule, kandani tsinde ndi chikhadabo. Mukaona zoyera mkati, mtunduwo anangoviika kunja. Dulani chingwe chitsale mamilimita 6 musanayatse. Chikatalika chimatulutsa mwaye. Mphepo ya pawindo nayo imapinda lawi, phula n'kumasungunuka mbali imodzi. Masamba apulasitiki sauma ngati enieni, komabe amasungunuka, choncho akankhireni pansi pa timakapu.

Kabuku ndiko kandikhumudwitsa. Kali ndi mapemphero anayi okha, limodzi pa sabata, ngati kuti Adiventi yonse ndi yofanana. Chonsecho nyengoyi ili ndi zigawo ziwiri: kufikira pa 16 December Mpingo umayang'ana kubweranso kwa Khristu, ndipo kuyambira pa 17 mpaka 24 December umakonzekera kubadwa kwake. Kabukuka sikasiyanitsa zimenezi. Sikatchulanso kuti mawerengo a Lamulungu amasinthasintha pa zaka zitatu: Mateyo m'chaka A, Marko m'chaka B, Luka m'chaka C. Amene ali ndi kalendala ya mawerengo a tsiku ndi tsiku angachite bwino kutsata imeneyo.

Mkombero gulani, ukhalitsa zaka zambiri. Onjezani kandulo imodzi ya pepo, komanso yoyera yonenepa yoika pakati usiku wa Khirisimasi, chifukwa m'setimu mulibe.