Masipika a padesiki pa ndalama zochepa: Pebble, Z313, Edifier kapena kaampu ndi masipika akale?

Sipika ya mu laputopu yanga itayamba kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo ndi pamene ndinayamba kusakasaka zoika padesiki. Chinthu choyamba kugula chinali kasabuwufa, sipika yotulutsa besi, kopanda dzina lodziwika, pakatoni atalemba 3000W PMPO ndi zilembo zofiira zikuluzikulu, ine kunyamula ndikumwetulira njira yonse. Kufika kunyumba ndatembenuza kumbuyo kwake, pa kapepala ka zamagetsi palembedwa kuti kamakoka 30W pakhoma. Ndiye chinthu chodya 30 chingatulutse bwanji 3000? PMPO ija ndi nambala yokopera anthu basi, yoyang'ana ndi RMS, mphamvu yeniyeni yomwe chinthucho chimatulutsa mosalekeza, ikakhala kuti sanalembe RMS paliponse ingobwezani pashelefu. Kuyambira pamenepo ndadutsamo njira zinayi, zina kwanga zina kwa anzanga, ndiye ndiziike pambalipambali.

Yotsika mtengo kwambiri ndi Creative Pebble, timasipika tiwiri tozungulira ngati malalanje akuluakulu. Timatenga moto pa USB, mawu timatenga pa kachingwe ka 3.5mm komwe mumalowetsa mahedifoni. Mphamvu yake ndi 4.4W RMS tonse tiwiri, ndipo musayembekeze zoposa pamenepo chifukwa USB 2.0 imangopereka 5V ndi 500mA, omwe ndi 2.5W, USB 3.0 imafika 900mA, omwe ndi 4.5W. Koma tinapangidwa mwanzeru, timayang'ana m'mwamba pang'ono kuloza kumakutu kwanu, ndiye mawu a munthu wolankhula amamveka bwino kwabasi. Pa Zoom, pa YouTube, pomvera nkhani kapena maphunziro tili bwino. Ubwino wina ndi woti magetsi akathima laputopu ikadali ndi moto mu batire timaimbabe. Besi? Iwalani. Mukaika reggae gitala ya besi ija imakhala ngati ikuimbidwa kunyumba yachitatu kuchoka kwanu.

Yachiwiri ndi yomwe ambiri timathamangira, ya 2.1, kutanthauza timasipika tiwiri ndi sabuwufa pansi. Chitsanzo chodziwika ndi Logitech Z313, 25W RMS, ili ndi kabatani ka voliyumu ka pachingwe komwe mumaika pafupi ndi mausi. Mukayatsa koyamba mumasangalala, desiki kunjenjemera, gemu kuphulika ngati zenizeni. Vuto la zonse za mtundu umenewu ndi loti timasipika tapamwamba tija ndi tating'ono kwambiri, sititsika pansi mokwanira, sabuwufa nayo siikwera, ndiye pakati pamatsala dzenje, ndipo m'dzenje mmenemo ndi momwe mumakhala mawu a amuna oimba besi mu kwaya ndi gitala wamba. Mumamva dii dii pansi ndi tsii tsii pamwamba, pakati mbee. Komanso ngati mumakhala pa mdadada ngati mmene ndinkakhalira ine, besi imadutsa khoma kuposa china chilichonse, inu mukuona ngati mwatsitsa koma aneba akumva kugunda kokhakokha mpaka pakati pa usiku, mawa lake moni wake wozizira. Ampu yake, chokulitsa mphamvu ya mawu chopita ku masipika, ili mkati mwa sabuwufa, ikapsa zonse zagona.

Yachitatu ndi masipika a mabokosi okhala ndi ampu mkati, monga Edifier R1280T. Apa tsopano tayamba kukamba za nyimbo. Mabokosi awiri a thabwa la MDF, lililonse lili ndi wufa (sipika ya mawu apansi ndi apakati) ya mainchesi 4 ndi twita (kasipika ka mawu apamwamba) yakeyake, mphamvu 42W RMS, kutanthauza 21 mbali iliyonse. Kumbuyo kuli polowetsa RCA, zingwe za mawu za timitu tofiira ndi toyera tija, pawiri ndiye kompyuta ndi TV mutha kulumikiza zonse osazulazula, pambali pali potembenuza besi ndi trebo, ndi karimoti komwe. R1280T ilibe Bluetooth, amene mukuifuna yang'anani R1280DB yomwe ilinso ndi optical, polowetsa chingwe chotumiza mawu ndi kuwala. Mnzanga wina ali nawo ndipo tsiku loyamba kuwamva ndinakhala chete kaye, nyimbo yomwe ndaimvera zaka zambiri ndinamvamo munthu akuomba m'manja chakumanzere yemwe sindinkadziwa kuti alimo. Besi yake siigwedeza mawindo koma ndi yoyera, mumamva chingwe chilichonse. Mtengo wake ndi wa ma Pebble angapo, ndiye muonjezerepo kulemera, ndi pafupifupi makilo 5, woti akubweretsereni kuchokera ku Joni kapena ku UK ayenera kukhala wachibale weniweni. Amadyanso malo, padesiki yaing'ono kiyibodi isowa pokhala.

Njira yachinayi ndi yomwe ndinakhazikikapo ine, kaampu kakang'ono ka class D, mtundu wa ampu wosadya moto wambiri, ndi masipika akale a hi-fi. Mukukumbukira ma Sony, Aiwa, Kenwood, Panasonic a ma CD atatu ndi makaseti awiri omwe ankakhala pa display kwa amalume? Zambiri mwa izo mutu wake unafa kalekale, thireyi ya CD siituluka, koma masipika ali bwinobwino akungosonkhanitsa fumbi, ena asanduka poika maluwa apulasitiki. Anga ndinawapeza kwa okonza mawailesi, mwini wake sanabwerenso kudzatenga, a 6 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), ndinapereka ndalama yochepa kuposa ya kasabuwufa konama kaja.

Kaampu kake ndi ngati Fosi Audio BT20A, kukula ngati buku laling'ono, mkati muli chip ya Texas Instruments yotchedwa TPA3116, kali ndi Bluetooth, RCA, besi ndi trebo. Kalinso kena kakale kotchuka, Lepai LP-2020A, ka 20W mbali iliyonse pa 12V. Otsatsa BT20A amalemba 100W mbali iliyonse koma musatengeke, mphamvu yeniyeni imadalira adaputa yomwe mwaikapo ndi ma ohm a sipika. Masamu ake ndi awa, pa 12V sipika ya 8 ohm singalandire zoposa 9W zoyera, ya 4 ohm 18W, mukakweza kufika 24V ya 8 ohm ifika cha m'ma 30. Zikumveka zochepa eti? Koma sipika wamba ikalandira 1W yokha imatulutsa cha m'ma 85 dB, phokoso lalikulu ndithu, mutakhala mita imodzi, ndipo padesiki simufika ndi mita yomwe. Ine chotembenuzira voliyumu sichidutsa pomwe pamakhala 10 koloko pa wotchi, kupitirira apo madam amatulukira pakhomo.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya moto. TPA3116 imagwira ntchito mpaka 26V ndipo BT20A imalandira kuyambira 12 mpaka 24V, ndiye batire la sola la 12V limaimbitsa popanda invetala, magetsi athime asathime. Tchaja yakale ya laputopu ya 19V nayonso imagwira, bola kamutu kake kakwane komanso positive ikhale pakati, izi yezani ndi mita kaye musanalowetse, mukasemphanitsa ndi utsi. Class D siitentha kwambiri ndipo siimwa batire ngati ma ampu akale a thiransifoma yolemera aja. Kaampu kameneka kamalowa m'chikwama cha pamanja, wobwera kuchokera kunja sangadandaule. Kakapsa mumasintha kaampu kokha, sipika ikang'ambika mumasaka ina.

Koma ndisakunamizeni, njira imeneyi ili ndi zotopetsa zake. Mawaya ndi ambiri, wa moto, wa RCA kupita ku 3.5mm, awiri a masipika, kuseri kwa desiki yanga kuli ngati chisa cha mbalame. Pogula masipika akale muyenera kukhala tcheru. Chotsani kansalu kakutsogolo muone mphira kapena siponji yozungulira wufa, yambiri imafumbwa ndi ukalamba mukaikhudza imangoyoyoka. Kankhani pakati pang'onopang'ono ndi zala, ikamakhula ndiye kuti koyilo inapsa, isiyeni. Ikani khutu pa twita nyimbo ikuimba, ambiri amagulitsa twita itafa ndipo pamsika paphokoso simungazindikire. Ine ndimayenda ndi kabatire ka AA, kugunditsa mawaya a sipika kamphindi kochepa, ikati thu ndiye kuti ili moyo. Werenganinso ma ohm kumbuyo, 4 mpaka 8 zili bwino, koma masipika ena a home theatre ndi a 3 ohm, amenewo amavutitsa kaampu. Polumikiza wofiira ku wofiira wakuda ku wakuda mbali zonse, mukatembenuza mbali imodzi besi imathawa yonse mudzayamba kutukwana ampu yosalakwa.

Ndinavutikanso sabata yathunthu ndi kulira kwa mmmm ndi tsiii kosalekeza, kumabwera laputopu ikakhala pa tchaja, kuzula tchaja zii. Ndinasintha zingwe kawiri pachabe. Chinathetsa ndi ka ground loop isolator, kabokosi kotchipa koika pakati pa chingwe cha mawu, ngakhale kungodutsira pa Bluetooth nakonso kumathetsa poti palibe waya wolumikiza ziwirizo, kungoti pa magemu Bluetooth imachedwetsa mawu pang'ono.

Ndiye atandifunsa mphwanga wa ku koleji wokhala ku hositelo ndingamuuze Pebble, alibe malo alibe ndalama ndipo amasamuka teremu iliyonse. Wa magemu ndi mafilimu yemwe ali ndi mpanda wakewake atenge Z313 asangalale. Amene safuna zogwiragwira mawaya koma thumba likulola, Edifier, kulumikiza kamodzi nkuiwala. Enafe okonda kutokosa zinthu, kaampu ndi masipika a kwa amalume, ndipo pa ndalama yofanana sindinamve chowaposa. China chilichonse chochokera ku America werengani kaye pa adaputa kuti palembedwa 100-240V, kwathu kuno ndi 230V ndipo cha 120V chokha chimaphulika nthawi yomweyo. Masipikawo musawagoneke padesiki penipeni, anga ndinawakweza pa mabuku akale a fomu 4 kuti twita ifanane ndi khutu, pansi ndinaika timphira todula ku patapata wakutha kuti desiki isamalire nawo.